Inki Imene Ndinawakankhira Achemwali

Lachiwiri, Okutobala 1994, ku Nathenje.

Kwatentha tsiku lonse, koma chikundiwotcha ine si dzuwa.

Chiyambire sukulu yaulere, makolo sakutha patebulo langa. Ambiri ndi a m'maesiteti a fodya. Amadinda chala m'kaundula, ine n'kuitana wina. Masana pamzere panali achemwali anga a Estere. Anachokera ku Mitundu kudzalembetsa mwana wawo Chikondi, amene azikhala ndi ine. Osaganiza n'komwe, ndinawakankhira inki ngati ena onse.

Anayang'ana inkiyo, kenako anayang'ana ine.

"Aphunzitsi, ndibwerekeniko cholembera."

Analemba dzina lawo pang'onopang'ono ndi dzanja lokakala ndi khasu, mzere wonse ukudikira.

Kalanga ine! Kodi anandiphunzitsa a e i o u ndani? Si iwowa? Ankasalaza dothi pakhonde n'kundigwira chala. Ndikalakwitsa ankafufuta ndi phazi, osandikalipira. Bambo atawasiyitsa sukulu ali Sitandade 3 kuti azilera ife, ankandifunsabe, "Lero waphunzira chiyani?" Ine nditafika ku sekondale ndinayamba kuwayankha kuti, "Simungamve."

Lero sanadandaule. Anandisiyira mtedza m'kathumba n'kupita kukakwera minibasi.

Anzanga ataweruka ndinatsegulanso kaundula uja. E wawo ali ndi kamchira kopindikira m'mwamba. Ndafufuza m'buku langa lino tsamba ndi tsamba, ndipo E aliyense amene ndalemba ali nako kamchira komweko.

Loweruka ndipita ku Mitundu. Koma akakandiyalira mphasa n'kundifunsa za Chikondi, ine ndikayambira pati kuwauza kuti ndinawalakwira?