Miyala Yakuda Pachitsime Chathu

Lachitatu, Januwale. Mtima sunakhale pansi lero.

Tsiku lonse kuyadi kumene ndimagwira ntchito takhala tikufunditsa matenti milu ya miyala ya kumgodi imene malole amatula. Kapitawo amatikumbutsa daily kuti mvula ikatsuka miyalayi, madzi ake asalowe m'nthaka poti ndi oopsa. Takumbanso ngalande mpaka msana kuwawa.

Pofika kuno ku Kanyama madzulo, ndapeza miyala yomweyo, yakuda bii, atayala kuzungulira chitsime chathu. Ba Mwale, eni nyumba, anapempha zotsala kwa dalaivala wina kuti azimayi asamaterereke m'matope potunga.

Ndawauza kuti tichotse. Angoseka. "Ni myala chabe, ba Phiri. Manje mufuna bakazi banu bakagwe na mimba?"

Mkazi wanga Esnati ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, ndipo sabata yatha anagwadi pomwepo.

Koma chitsimecho n'chosaya. Kolorini amene timathira m'madzi amapha tizilombo, za miyalazi sindikudziwa. Mawa ndibwereka wilibala ndichotse miyalayo, akwiye akwiye.

Mvula yayamba kale kugunda malata. Esnati wandipatsa madzi m'kapu. Iye wamwa kale. Ine ndangoigwira kapuyo...