Tatsala ndi Mitu Itatu

Thambani, Mwanza
18 Ogasiti 2003

Okondedwa Amalume,

Ndikhulupirira kuti ku Karongako mukudzuka bwino. Kuno tilipo, kungoti mwendo wa mayi uja ukuvutabe.

Zikomo chifukwa cha timabuku ta apolisi ndi zigawenga tija. Tonse ndinatimaliza sabata imodzi. Timakoma ngati chingamu, Amalume: kutsekemera msanga, kenako kulavula.

Koma pali buku lina lalikulu limene anabwera nalo a Malcolm, aphunzitsi atsopano apasukulu pathupa. Limenelo silifuna liwiro. Wolemba wake amatha masamba awiri akufotokoza mayi akusenda chinangwa, mpaka fungo la dothi kumalimva. Timawerenga mutu umodzi Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi, pakhonde, mayi ali pomwepo. Chiganizo chikatikomera timachibwereza. A Malcolm akuti bukuli sanaliwerengepo, koma ndawagwira kawiri milomo yawo ikutchula mawu ine ndisanawafike. Ndinangokhala ngati sindinaone.

Tatsala ndi mitu itatu. Dzulo titatseka buku anandifunsa kuti amalume anga amakhala kuti, nanga kumudzi kuno amabwera liti.

Ndinawayankha kuti ndifunsa. Ndiye ndafunsatu, Amalume.

Ine mwana wa mlongo wanu,
Liness