Mpata Umene Munkaimbamo

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji masiku ano? Miyendo ija inasiya kutupa? Ine ndimadziuza kuti inasiya, poti kumeneko kulibe chitunda choti mukwere mutasenza nkhuni. Kuno tonse tilipo, kungoti chiperoni chatigwira sabata yonse, phiri silikuoneka n'komwe, ndipo aliyense m'nyumba muno akutsokomola.

Ndiyambe ndi nkhani yokoma. Felesiya anachira bwinobwino kuchipatala cha pa Boma, mwana wamkazi. Tamutcha Elube, dzina lanu. Musaseke, koma watenganso kukamwa kwanu. Akayamba kulira amamveka mpaka kuseri kwa nthochi, ndipo salola kuti wina amalize kulankhula. Mng'ono wangayo wanenepa, wayamba kuyenda ngati mayi weniweni.

Chimanga sichinachite bwino, mvula inadula chikungoyamba kumasula. Koma nandolo wabereka moti nthambi zikugwa pansi, chinangwanso chilipo, njala sitiiona chaka chino. Kalongonda, nyemba zoledzeretsa zija, ndinaphika ndekha koyamba. Ndinataya madzi kangapo monga munkachitira, ndinamusiya pamoto tsiku lonse, ndipo palibe amene anachita chizungulire. Mbuzi yanu yamawanga inaswa ana awiri, koma khalidwe silinasinthe. Imadula chingwe n'kukadya mbatata za eni ake, ine n'kumayenda ndikupepesa mudzi wonse.

Denga linadontha m'mwezi wa Febuluwale, ndipo mwa malo onse m'nyumba muja madzi anasankha kugwera pa wayilesi yanga. Inangoti tswee, basi, osalankhulanso. Mukudziwa mmene ndinkaikondera. Rumba ya ku Zaire ikalira ndinkapsereza ndiwo, simanjemanje ya ku Joni ikalowa ndinkavina ndi tsache m'manja. Zakwathu kuno zikayamba ndinkatseka kuti mabatire asathere pachabe. Inu munkangondiyang'ana n'kunena kuti, "Esinati, makutu ako adakali aawisi. Adzapsa, koma ine sindidzakhalapo." Munanena zoona mbali zonse ziwiri, Amayi, ndipo n'chifukwa chake ndakhala pansi kuti ndikulembereni.

Koma ndiyambe ndafotokoza za Ababa, chifukwa ndi amene anandisowetsa tulo. Chichokereni inu, anangokhala ngati mlendo pakhomo pawo pomwe. Chakudya ankangonyomola pang'ono n'kukankha mbale. Amalume atanena kuti nthawi ya nsudzulo yakwana, kuti awamasule Ababa paukwati monga mwa mwambo, anafotokoza poyera kuti palibe akuwathamangitsa, nyumba ndi yawo, ana ndi awo. Koma amuna anu mukuwadziwa. Anati, "Alamu, ine pamudzi pano ndinabwera kudzakwatira. Ukwati watha. Mukandimasula ndibwerera kwathu." Kwawo kuti, Amayi? Kutsidya kwa Ruo kuli nkhondo. Anthu akuwoloka tsiku ndi tsiku kuthawira kuno, ena opanda ngakhale bulangete, ndipo akuti mudzi wa Ababa anautentha, kwatsala mitengo ya mango yokha. Ndinawapempha, ndinalira, ndinakalipa. Iwo anangomanga katundu wawo n'kumuika kuseri kwa chitseko, n'kuyamba kupopa matayala a njinga.

Ndiye tsiku lina la msika ndinanyamula nanazi kupita pa Chonde. Ndikufika pachipata, anyamata a yufi akufuna khadi la chipani, ine khadi ndalisiya m'chitenje china. Anandibweza. Pomwe ndinkabweranso nalo, malo onse abwino anali atatha, kunatsala pansi pa mkuyu pokha, pafupi ndi madala atatu oimba aja amene anthu amangowatcha a Pamkuyu. Mukuwakumbukira, ndikudziwa: a Namakhwa ndi banjo yawo ya chigubu cha mafuta, anzawo a babatoni, chibanjo chachikulu chija amachikhalira pamwamba, ndi achitatu a ting'oma.

Ndili mwana ndinkadana nawo malo amenewo. Inu munkaima pamenepo dengu lili pamutu, ine ndikukukokani chitenje kuti tizipita, ndikuchita manyazi kuti anzanga a kusukulu ationa. Pochoka munkasiya nthochi m'chipewa chawo. Chimene chinkandiseketsa n'choti pakati pa nyimbo ankaleka onse mwadzidzidzi, kumangotsala kang'oma kakugunda pang'onopang'ono, iwo atazolika, kenako n'kuyambiranso. Ine ndinkati madalawa aiwala mawu. Ndipo pamene iwo alekerapo, inu munkang'ung'udza kamawu kakang'ono kodzera m'mphuno, ine n'kumafuna nthaka itandimeza.

Tsiku limenelo ndinalibe kothawira. Ndinayala nanazi zanga nkhope ili gwaa. Koma miyezi yonseyi yopanda wayilesi inali itandichapa m'makutu. Ndinayamba kumva kuti banjo ya a Namakhwa sikuti imangolira, imayankhula, imafunsa kenako n'kudziyankha mwanthabwala. Babatoni ndinkaimvera m'chifuwa, osati m'makutu. Wa ting'oma uja, amene ndinkamuyesa waulesi, ndi amene amagwira onse kuti asabalalike. Amayi, anthu aja ndi akatswiri! Zaka zonsezi ndakhala ndikufuna nyimbo zochokera kutali, pamene zenizeni ndinkazidutsa ndikupita kogula tomato.

Kenako anayamba ija ya Chilomwe, ya mnyamata wowoloka mtsinje ndi khasu ndi mphasa kudzafuna ntchito ya tiyi. Ndi nyimbo ija munkatigoneka nayo, yomwenso munkasinja nayo chimanga. Ine ndinkayesa kuti munaipeka nokha. Atafika pamalo paja analeka monga mwa nthawi zonse, kang'oma kokha kakugunda, ndipo panalibe wong'ung'udza. Ndinalira pamsika, Amayi, anthu akuona. Mayi wina amene ankasankha nanazi anayesa kuti ndabedwa.

Atapuma, a Namakhwa anandiyang'anitsitsa n'kunena kuti, "Iwe si mwana wa Elube? Nkhope ndi yomweyo, kungoti iyeyo sankatidutsa ngati tikununkha." Ndinaseka misozi ili m'maso. Ndinawafunsa chifukwa chake amaleka pakati pa nyimbo. Anati, "Sitileka, mwanawe, timadikira. Mpata umenewo ndi wa kaligo wa abambo ako. Tinali anayi, tinawolokera limodzi tili anyamata. Pasikale atakwatira, akuchikazi anati mkamwini woimba pamowa salima, iye n'kupachika kaligo. Ife mpata wakewo sitinautseke. Ukatseka ndiye kuti munthu wamutaya. Amayi ako ankabwera tsiku la msika kudzamuimirira mwamuna wawo."

Kuti Ababa ankaimba kale ndinkadziwa. Kaligo uja, wa chingwe chimodzi wokhwekhweza ndi kauta, ndakula ndikumuona atapachikidwa kudenga la kukhitchini, wakuda bii ndi mwaye. Inunso munkanena mukapsa mtima kuti, "Abambo akowa ndinawatola panyimbo, nanga ndikanayembekeza chiyani?" Koma sindinkadziwa kuti zaka zonsezo munkapita kukawasungira malo. Bwanji simunandiuze? Kapena munandiuza, ine makutu ali ku Zaire.

Kuyambira pamenepo ndasanduka wina. Pa Chonde ndimachita kulimbirana malo a pansi pa mkuyu. Ndapezanso mayi wina wosaona amene amaimba bangwe pafupi ndi pokwerera basi pa Boma, mawu ake okhuthala ngati a mwamuna, ndipo ndinasiya basi kupita kuti ndimve mpaka amalize. Ku Likhubula, titapita kukaona apongozi, ndinamva onyamula katundu wa alendo akuimba potsika phiri, wina kuyamba, ena kulandira, mpaka ndinaima pamsewu kukamwa kuli yasa. Amuna anga akuti ndalodzedwa. Wayilesi anaikonzetsa, koma tsopano ndimatsegula nthawi ya zakwathu, ija ndinkatseka.

Tsono mverani za nsudzulo. Mwambo umafuna kuti pakhale wa kuchimuna wodzalandira mawu, koma Ababa alibe mbale kuno, ndipo a kutsidya sitikudziwa ngati ali moyo. Amalume anasowa chochita. Ine ndinati alipo munthu amene anawoloka nawo limodzi. Ndinapita kukawapempha a Namakhwa. Anavomera msanga, koma anati iwo sayenda okha, ndiponso zoimbira zawo sazisiya kunyumba chifukwa makoswe amadya zikopa. Ndinati bwerani nazo. Kunena zoona, Amayi, ndinalibe nzeru ina iliyonse m'mutu. Ndinkangofuna kuti Ababa, ngati akupitadi, atsanzikane ndi anzawo.

Tinaphika thobwa, anthu anasonkhana pansi pa mango m'mawa. Ababa anavala jekete lawo la kutchalitchi, katundu atammangirira kale panjinga. Amalume analankhula bwino, anayamika kuti Ababa anakusamalani mpaka tsiku lomaliza, n'kunena kuti kuyambira lero ndi omasuka. A Namakhwa analandira mawuwo. Ababa anaimirira, anagwirana chanza ndi aliyense, anamugwira Elube wamng'ono pachipumi, n'kupita panjinga. Felesiya anali atayamba kale kusisima.

Pamenepo a Namakhwa, osapempha chilolezo kwa aliyense, anakhudza banjo. Anayamba nyimbo yomwe ija ya khasu ndi mphasa. Ababa anaima atagwira mahandulo, nkhope ataloza kumsewu. Nyimbo inafika pampata paja. Kang'oma kokha. Anayambiranso, anazungulira, anafikanso pomwepo, n'kudikiranso. Ndinkafuna nditang'ung'udza ine, koma mpatawo sunali wanga.

Ababa, osacheuka n'komwe, anati, "Namakhwa, mpaka lero umathamangabe? Nyimbo imeneyi sithamanga. Munthu wasenza mphasa angathamange?" A Namakhwa anati, "Takalamba, Pasikale, tinaiwala. Amene ankatikumbutsa ndi amene tamuika m'manda uja."

Ababa anatsamiritsa njinga pamtengo. Analowa kukhitchini n'kutuluka ndi kaligo, jekete lonse lili mwaye. Chikopa chinali chilipobe, koma chingwe chinaduka atangochikhudza, dzimbiri linali litadya. Anayang'ana uku ndi uku. Kenako anapita panjinga paja, anatulutsa kampeni, anamasula waya wa buleki, n'kusomolapo kawaya kamodzi kowonda. Anakhala pansi n'kuyamba kumanga, osafulumira, anthu tonse tikungoyang'ana, thobwa likuzizira m'zikho. Amalume anayamba kunena kuti, "Alamu, nanga njingayo muyenda nayo bwanji yopanda…" Ndinawaponda phazi, Amayi. Amalume anga enieni, pamaso pa anthu. Mundikhululukire, koma anamva.

Atayambanso nyimbo, mpata uja utafika, kaligo analowa. Poyamba anakhosomola ngati munthu wodzuka kutulo, kenako mawu anatuluka, owonda, okwera, odzera m'mphuno. Ndi kamawu kanu kaja, Amayi, ndendende! Zaka zonsezi munkatsanzira kaligo wa amuna anu, ndipo tsiku limenelo kaligo ankamveka ngati akutsanzira inu. Ababa ankaimba maso ali otseka, misozi ikutsikira m'ndevu. Wa babatoni uja ankaseka ngati mwana. Anaimba mpaka dzuwa linapendeka, amayi a m'mudzi anavina, ndipo mwambo umene tinkayesa kuti ukhala wa misozi yokhayokha unatha anthu akupempha ina.

Madzulo ake Ababa anati ulendo aupanga likapita tsiku la msika, chifukwa madala aja awononga nyimbo zambiri ndipo pafunika wowakonza. Tsiku la msika linapita. Anati likapita linalo. Tsopano nandolo tayamba kuthyola, iwo akadali pompano. Katundu uja anayamba kumumasula pang'onopang'ono, lero lumo, mawa bulangete, ndipo chingwe chake ndamangira mbuzi yanu. Akudya bwino, mpaka ayamba kudandaula kuti ndiwo zanga mchere umachepa. Pa Chonde amapita wapansi, kaligo ali kukhwapa, ndipo a Pamkuyu tsopano ndi anayi. Anthu amadzaza mpaka kutseka njira ya ogulitsa usipa.

Sindikunamizeni kuti zonse zatha. Masiku ena amakhala pakhonde n'kumayang'ana chakum'mawa nthawi yaitali, ndipo akatero ndimadziwa kuti mtima uli kutsidya. Za ulendo sananene kuti aleka. Amangoti njinga ilibe buleki, ndipo munthu wanzeru sangatsike nayo zitunda za ku Muloza, kumalire kuja, ili choncho.

Ine ndili bwino, Amayi, kuposa mmene ndinkayembekezera. Ndimakusowani tsiku lililonse, koma tsiku la msika ndimakumvani. Ndimaima pamalo panu pomwe paja, dengu lili pamutu, Elube ali kumsana ndikamubwereka kwa amake, kuti makutu akewo apse msanga kusiyana ndi anga. Pochoka ndimasiya nthochi m'chipewa.

Dzulo amuna anga anabwera mokondwa, akuti awona waya wa buleki m'sitolo ya pa Chonde, ndipo akufuna kuwagulira apongozi awo mwezi ukatha. Ndawauza kuti akangoyerekeza, akadzipezere kokagona. Gonani mwamtendere, Amayi. Ndikukulonjezani kuti amuna anu ndiwasamala, mpata wanu uja sukhalanso wopanda munthu, ndipo ine ndili moyo njinga imeneyo sidzakhala ndi buleki.

Ndine mwana wanu wokukondani, wa makutu akupsa mochedwa,

Esinati