Mvula Yomwe Obby Anaikamo

Okondedwa akulu anga Anyina Kenan,

Monile kumeneko ku Mphamba. Muli bwanji? Nanga amama, mwendo uja unasiya kutupa? Ine kuno ku Lusaka ndilipo. Ndikudya, ndikugona, m'kalasi ndikulowa.

Aphunzitsi athu a Chingerezi anatigawa m'timagulu toti tizilemba nkhani imodzi pa intaneti. M'kagulu kathu muli ine, Obby wa ku Kitwe ndi Belinda wa ku Mongu. Awiriwa amaphunzira ali kwawo, nkhope zawo ndimangoziona pa foni. Tsamba ndi limodzi. Wina akalemba, anzake amalowa n'kukonza.

Mutu anatipatsa wa miyambo ya maliro. Anzangawo anati poti ine ndangochokera kumene koika adada, ndiyambe ndine. Sindinakane. Ndinalemba monga ndinaonera.

Belinda ndi munthu wabwino, koma akagwira chiganizo sachimvera chisoni. Pomwe ndinalemba za amama atakhala pakhomo pa chigafa cha fodya wa adada, iye anati patalika, n'kudulapo. Obby anati owerenga sangamvetse chomwe amalume anasekera kumanda, n'kuchotsa. Kenako anaikamo mvula, akuti maliro a m'nkhani amagwira mtima kukamagwa mvula. Ine ndinkangoyankha kuti zili bwino. Chingerezi chawo chimaposa changa, ndikanatsutsa ndi chiyani?

Tinakhoza. Aphunzitsi anaiwerengera kalasi yonse, mtsikana wina mpaka anagwetsa misozi. Ine ndinkangomva ngati akuwerenga za bambo a eni ake. Chisoni sindinamve, manyazi sindinamve. Mpaka lero mumtima muli zii.

Vuto ndi ili, akulu. Nkhaniyo ndinaiwerenga kambirimbiri pokonza, moti tsopano ndikatsinzina ndimaona anthu atagwira maambulera kumanda, matope ali m'mapazi. Nthawi zina ndimaona ngati kunali fumbi, mwinanso fumbilo ndi la maliro ena. Za nyengo ine sindinalembe n'komwe, ndiye palibe poti ndikayang'ane. Chomwe amalume anasekera nacho chandithawa. Ndikuopa kuti nditsala ndi maliro opekedwa ndi Obby okha, a adada atanditayika.

Pempho langa ndi limodzi. Musandiimbire foni, chifukwa ndingovomera chilichonse monga ndazolowera. Mundilembere m'Chitumbuka chathu momwe tsikulo linayendera, kuyambira m'mawa mpaka pobwera kumanda. Musakonze kanthu, ngakhale patalike. Amama musawauze kuti ndafunsa zimenezi.

Mundiperekere moni kwa amama, kwa alamu, kwa amalume, ndi kwa Kenan, mumuuze asamathawe sukulu.

Mukamayankha, mzere woyamba ukhale wa funso ili, zina zibwere pambuyo. Kodi tsiku lomwe tinaika adada kunagwa mvula?

Ndine mng'ono wanu,
Yunike