Chidzukulutuvi chanu chabadwa chaka cha Kavalo

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko? Ife kuno ku Walsall, ku Mangalande, tilipo, kuzizira kokhaku ndiko sikutisiya. Achimwene a Yohane akuti mvula yagwa bwino ku Dowa ndipo chimanga cha m'munda mwanu chamasula, ngakhale mbuzi za kwa aneba zikulowabe pampanda pomwe paja.

Khalani pansi, ndili ndi nkhani. Thoko, mdzukulu wanu uja munamusiya ali ku yunivesite pomwe munkamwalira, anakwatiwa ndi Alan, mnyamata waulemu wochokera ku Hong Kong. Kwawoko chaka chilichonse chili ndi nyama yake, ndipo amati nyamayo imalosera khalidwe ndi tsogolo la mwana wobadwa chakacho. Ine ndinkangoseka. Ndinaseka mpaka tsiku lomwe Thoko, mimba ili pakhosi, anandiuza kuti akufuna kukapempha madokotala amuyambitse matenda masabata atatu nthawi isanakwane.

Chifukwa chake? Chaka cha Njoka chimatha pakati pa Febuluwale, cholowacho n'cha Kavalo wa Moto, ndipo apongozi ake amati mtsikana wobadwa chaka chimenecho amakhala wamakani, wosamva za munthu, wobweretsa tsoka pabanja.

Amayi inu! Ine mzamba, zaka zonsezi ndikulandira ana a eni ake m'wodi, mwana wanga yemwe n'kumafuna kuthyola chipatso chosapsa chifukwa cha kavalo? Kwathu kavaloyo tinamuonera kuti? Munkati chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi chinandipeza ndisanakonzeke. Mawu anga anatuluka oipa. Ndinamukalipira Thoko mpaka analira, ndipo anasiya kuyankha foni yanga. Mwamwayi madokotala anakana. Asewere anga, mayi ake a Alan, ndinawasungira mkwiyo, kutchalitchi ndinkapemphera mano ali gwa.

Mwana anadza pa nthawi yake, m'Malichi. Mtsikana, wonenepa, mawu ngati anu pomwe munkaitana ife kudambo.

Ndinawapeza asewerewo m'chipatala atamunyamula, misozi ili chuchuchu. Ndinkayesa akulira tsoka lawo lija, ndipo ndinatsala pang'ono kuwalanda mwanayo. Alan ndiye anandikokera panja n'kundifotokozera. Kavalo wa Moto amabwera kamodzi pa zaka makumi asanu ndi limodzi, ndipo ulendo wathawo ndi pamene anabadwa mayi akewo. Bambo ake a Alan atamwalira ndi matenda a mtima akadali anyamata, abale a mwamuna anati wawapha ndi mkazi wa chaka choipa. Mayiwo paukwati sankawaitana. Pamaliro ankawasiyira mpando wa kukhomo. Sankaopa mwanayu, Amayi. Ankaopa anthu.

Ndinakhala pa benchi, mutu uli kwa inu. Ndinakumbukira atamwalira Ababa, azakhali aja akukulozani chala pabwalo kuti mwawadya ndinu, n'kutenga njinga ndi malata omwe. Ndinkaganiza kuti nkhanza zoterezi ndi zakwathu kokha. Kani anthu akafuna kumuda mkazi wamasiye, ngakhale kalendala amaipeza. Mpaka lero ndikadadabwa.

Ndinabwerera m'wodi n'kukhala pafupi ndi asewere. Chingerezi chawo n'chochepa, changa chinathawa, choncho tinangogwirizira mwanayo awiri. Thoko anatiyang'ana, nayenso n'kuyamba kulira.

Zolosera zawozo sindizikhulupirira, ndipo asewere akudziwa. Atamumangirira mwana kaulusi kofiira kumwendo, sindinakadule. Dzina anapereka kwa ine, ndipo ndamutcha Felesiya, dzina lanu. Akadzakhala wamakani, tidzadziwa komwe watengera, ndipo si kwa kavalo.

Gonani bwino, Amayi. Ndimakukondani, ndipo ndakusowani kwambiri mwezi uno. Tsiku lija pabwalo ndinali wamng'ono, ndinangogwira chitenje chanu. Pano ndakula. Ndikulonjeza kuti ine ndi asewere tili moyo, palibe adzamuloze chala mwana ameneyu.

Ndine mwana wanu,
Esinati