Mkazi wanga wasinthanitsa matayala a galimoto ndi chimanga

Aphungu,

Ndine bambo wa ana atatu. Kwathu ndi ku Utale m'boma la Balaka, koma ndinakwatira ku Nselema ndipo ndimakhala kwawo kwa mkazi monga mwa mwambo wakuno. Ndakulemberani chifukwa pano palibe amene akundimvetsa, ngakhale anzanga a kumzikiti.

Ndinakhalako ku Joni, ndikugwira ntchito pa famu ya mzungu wina. Pobwerera ndinabwera ndi pikapu yakale, zikuluzikulu zija za dizilo. Yatidyetsa ndithu, sindinganame. Ndinkanyamula nsomba za ku Chiuta, mpunga ndi nandolo kupita nazo ku Liwonde, pobwerera n'kutengako matola. Koma mtima wanga sunali pa matola. Bwana wanga uja anali ndi galimoto yam'tchire, yoti ikaona phiri imakwera, ikaona mtsinje imawoloka, ndipo woitsuka ndinali ine. Ndinalumbira kuti tsiku lina yanga idzakhala choncho.

Chaka chino mvula itadula, chimanga n'kupserera chili m'mawondo, ndinaona kuti mwayi ndi womwewu. Ndinati mabungwe abwera ndi chimanga cha thandizo, ndipo adzafuna galimoto yolowa kumene malole salowa. Ndiye ndinaiimitsa ntchito n'kuitana a Blasius, owotcherera a ku Liwonde. Tinawonjezera masipuling'i kuti ikwere m'mwamba, tinadula madigadi kuti matayala akuluakulu a mano alowe, tinaika chitsulo chogwetsera mitengo kutsogolo, magetsi padenga, ndi paipi yopumira injini m'mbali mwa galasi kuti isazime m'madzi akuya. Kumbuyo tinadulako kuti isamagunde pansi pokwera chitunda. Aphungu, mukanaiona! Ana a sukulu ankaima pamsewu kukamwa kuli yasa.

Zinthuzi sizibwera zaulere. Ndinagulitsa mbuzi, njinga, ndi chimanga cha chaka chatha chimene mkazi wanga Kulusumu anasunga kuchipinda. Nditamuonetsa matayalawo anandifunsa kuti, "Bambo a Halima, tayala amaphika bwanji? Mundiphunzitse kuti ana ndiwaphikire."

Nditayesa kubwerera pa matola kuti ndipezeko ya mafuta, amayi a geni anakana kukwera. Wina wogulitsa nsomba anati, "Iyayi achimwene, tikwere ndi makwerero? Ife tavala zitenje." Katundu nayenso akulowa wochepa chifukwa cha kudula kuja, ndipo mafuta ikumwa ngati yabooka. Mabungwe aja anabweradi, koma anabwera ndi magalimoto awo.

Kunyumba tinayamba kudya kamodzi, phala la madeya kapena mango owiritsa. Halima, mwana wathu woyamba, anagwa pamzere kusukulu, aphunzitsi n'kumubweretsa pa njinga. Ine ndikuti linali dzuwa, Kulusumu akuti ndi galimoto.

Mwezi watha ndinapita kukaiyesa kwathu ku Utale kuti abale aone. Ndinatsikira dala mumtsinje wa Rivirivi. Madzi munalibe, mchenga wokhawokha. Pakati penipeni inatitimira, ndipo nditaponda moto kwambiri, shafuti yozunguza matayala akumbuyo inathyoka. Ndinaitana azibambo amene ankakumba chitsime mumchengamo kuti akankhe. Mmodzi anandiyankha osadzuka n'komwe: "Tikankhe ndi mphamvu yake iti, bwana? Tadya liti?" Inakokedwa ndi lole mpaka ku Nselema, ndipo mwini lole anatenga foni yanga ngati malipiro.

Tsopano nkhani yake nayi. Lachisanu ndili kumzikiti, Kulusumu ndi mchimwene wake Sufiyani anamasula matayala onse n'kukasinthanitsa ndi chimanga kwa mkulu wina wa malole pa Nselema. Ndinapeza galimoto itakhala pa njerwa, mkazi akupakula. Sanabise ayi. Anati, "Ndaphunzira ndekha kuphika tayala. Sambani m'manja." Ndinadya, Aphungu, chifukwa njala inalipo, koma mtima ukuwawa.

Nditakadandaula kwa mjomba wake, Che Hamadi, amene ndi mwini mbumba, m'malo momudzudzula anatembenukira ine. Anati, "Mkamwini, pakhomo pano tikufuna munthu wodyetsa ana. Mvula ikamayamba galimotoyo ikhale ili pa ntchito. Apo ayi muisenze muzipita nayo ku Utale."

Kodi uku si kuba? Ndikamang'ale kupolisi? Nanga ndingatani kuti mkazi wanga amvetse masomphenya anga? Chatsala ndi winchi yokha, chingwe chija galimoto imadzikoka nacho ikatitimira. Chikanakhalapo, za ku Rivirivi sizikanachitika. A Blasius akuti aipeza ina ku Balaka, ndipo ndikuganiza zogulitsa malata amene tinasungira nyumba yatsopano kuti ndigule winchiyo ndi matayala ena. Ndithandizeni.

Z.A., Nselema

Bambo Z.A.,

Kupolisi pitani ndithu ngati mukufuna kuti apolisi asekeko, nawonso chaka chino chawawawa. Mukafika mukanene kuti wakuba ndi mkazi wanu, katundu wobedwayo anaphikira ana anu, ndipo umboni munadya nokha, mutasamba m'manja. Koma konzekerani, chifukwa mayi Kulusumu akafunsidwa, nawonso akafunsa za mbuzi ndi chimanga cha kuchipinda. Pamenepo sindikudziwa kuti wotsala m'chitokosi akhala ndani.

Ndawerenga kalata yanu mofatsa kufunafuna masomphenya mukunenawo. Ndapeza munthu amene waika paipi yowolokera madzi chaka chimene anthu akukumba mitsinje kufuna madzi akumwa. Ndapeza munthu amene anakonzekera ntchito ya mabungwe popanda bungwe ngakhale limodzi lomulonjeza. Munali ndi galimoto yonyamula nsomba, mpunga ndi anthu. Mwaisandutsa yonyamula inu nokha ndi matama anu, ndipo ngakhale zimenezo yalephera pamchenga.

Bwana wanu wa ku Joni ankasewera ndi galimoto atakhuta, ndipo anali ndi ina yogwirira ntchito. Inu mwasewera ndi khasu lanu lomwe. A Blasius musawaone ngati mnzanu wokumvetsani. Iwo ndi okhawo amene njala sinawafike chifukwa cha galimoto imeneyi, ndipo winchi ikatha akupezerani china.

Za Halima sindiseka. Dzuwa limawomba ana onse pamzere, koma amagwa ndi amene sanadye. Inunso mukudziwa zimenezi, n'chifukwa chake mwazilemba mothamanga.

Komabe sindikukutayani. Munthu amene anakagwira ntchito kutali n'kubwera ndi chinthu chodyetsa banja si waulesi, ndipo kulakalaka chinthu chokongola si tchimo. Mwangolakwitsa chaka. Ndiye yambani ndi kupepesa mkazi wanu, pamaso pa Che Hamadi, popanda mawu akuti "koma". Muwathokozenso a Sufiyani, anakuchitirani ntchito imene munayenera kuichita nokha. Kenako tengani sipana mumasule magetsi apadenga, chitsulo chakutsogolo ndi paipi ija, mukagulitse ku Liwonde. Opusa ena okonda zonyezimira alipo, simuli nokha. Zimene mupezezo mukonzetse shafuti, mugule matayala wamba ngakhale ogwirapo kale ntchito, ndipo masipuling'i owonjezerawo achoke kuti amayi a geni akwere mwaulemu. Kumbuyo munadula kuja mukawotcheretsenso, koma kwa munthu wina.

Pamene mukudikira kuti galimoto idzuke, musakhale pakhonde kuiyang'ana. Pitani ku ganyu monga akuchitira amuna anzanu, ndipo munda wa mkazi wanu ukhale utalimidwa mvula isanagwe. Manyazi a kugwira khasu la eni ndi aang'ono poyerekeza ndi a kubwerera ku Utale chimanjamanja, abale amene munakawaonetsa galimoto aja akukuyang'anani. Malata musawakhudze. Si anu nokha, ndipo winchi sifolera nyumba.

Chenjezo langa ndi ili. Mukudandaula kuti mkazi wanu akukuyankhani mwachipongwe, koma mkazi amene akadali ndi mphamvu yokunenani ndiye kuti sanakutayeni. Muope tsiku limene adzasiye kukuyankhani, n'kuyamba kukupatsani moni mwaulemu ngati mlendo. Tsiku limenelo musadzavutike kundilembera. Mudzangofunsa kuti chikwama chanu achiika pati.

Aphungu