Tiyi wa Apongozi

Lachitatu, mwezi wa Juni, ku Kanakantapa.

Lero kunazizira, ndipo ine ndadzichotsa ulemu ndekha.

Lole ya kopaletivu yopita ku Lusaka imadutsa kamodzi pa sabata, choncho ndinalawirira kuti ndiperekeze apongozi aamuna, aTembo, kukapimitsa matenda awo a shuga. Adokotala anati afike osadya kanthu. Ulendo watha anatibweza chifukwa mkuluyu anadya mbatata panjira.

Tili pafupi kunyamuka, apongozi aakazi anatulukira ndi kapu ya tiyi ndi zitumbuwa. Shuga wa m'tiyimo anachita kumuimira pamzere tsiku lonse kusitolo ya boma.

"Munthu sayenda ulendo na njala. Imwani, atate ake Tisa."

Ndinafuna kufotokoza, koma mkamwini angaletse bwanji chakudya pakhomo pa eni? Ku yunivesite sanatiphunzitse zimenezo. ATembo atatambasula dzanja, langa linafika msanga. Ndinagugudiza tiyi yense ali wotentha, n'kutsiriza ndi zitumbuwa, chiimirire.



"Iwe Tisa," amayiwo anafunsa mkazi wanga motsitsa mawu, "mwamuna wako sumupasa vakudya?"

Kuchipatala sanatibweze. Magazi apima, mankhwala tapatsidwa. Pobwerera, titatsika lole, aTembo anandigwira paphewa.

"Mwezi wamawa nizabauza baikepo na mazira. Naona muvutika, apongozi."

Lilime lapsa, ndipo Tisa akuti kuchitsime nkhani yafika kale. Mwina ndikanangolankhula. Komabe mazirawo, ngati ali owiritsa...